Munda wa Ta Houn

Timayamba kusanache bwino,
amonke asanatuluke ndi mbale zawo mumsewu wa ku Samlot,
chifukwa Malis sapirira dzuwa.
Ndimam'paka mafuta m'makutu ndi kumchira kuti asapse,
ine yemwe ndinakula ndikuthandiza amayi
kusaka makoswe ndi chibonga m'nkhokwe ya mpunga.

Anabwera pa ndege, m'kabokosi, kuchokera kutsidya kwa nyanja,
bwampini wa masaya ngati matumba a malaya,
akudziwa kale zinthu ziwiri:
fungo la wonga,
ndi kulira kwa kachitsulo kanga, kete!
kutanthauza nthochi.
Chachitatu ndinam'phunzitsa ndine:
dothi lathu lofiirali, lodziwa kusunga chinsinsi.

Vuthy uko, ine kuno, chingwe pakati pathu.
Malis amayenda pachingwepo ngati singano yosoka bala,
kupita, kubwera.
Tikasuntha phazi limodzi, iye kupitanso, kubweranso.
Bomba lokwirira limadikira chidendene cha munthu,
limadikira chiboda cha njati yolimira.
Iye ndi wopepuka, silimumva n'komwe.

Kuseri kwa zikhomo zofiira kumakhala mwini munda,
Ta Houn, kansalu kamandalasi pakhosi.
Sabata yoyamba anangotiyang'ana.
Yachiwiri anabwera ndi phava la nthochi,
nati, "N'za khosweyo. Inu muli ndi malipiro."

Lachinayi lina tikupuma pansi pa mgwalangwa
anayankhula, maso ali pa zala zake:
"Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi.
Anatipatsa thumba ndi kakhasu, usiku.
Ndinakwirira makumi awiri ndi anayi. Ndinawerenga.
Ndinayambira pa mtengo wa mango,
koma mtengowo anadula,
ndipo madzi osefukira amasuntha ngakhale miyala."
Anameza malovu.
"Limodzi analipeza mwana wanga Sreymom
akupirikitsa bakha."

Vuthy, amene bambo ake amavula mwendo asanagone,
anatseka botolo lake, nalitsekanso lili lotsekatseka.
Ine mawu anandithawa.
Malis anali kusukusula ndi timanja take.

M'mawa mwake anaima pa mzere wachisanu,
mphuno m'mwamba, ndevu zili njenjenje,
kenako kufukula, kufukula.
Kete!
Anathamangira kwa ine, anadzaza masaya.
Tinazika chizindikiro.
Masana anabwera anyamata ovala magalasi kumaso konse,
nthaka inatsokomola kamodzi,
akakowa onse balala!
Ta Houn anatulutsa mpeni, nalemba kamzere pa ndodo yake.

Anadula choncho mpaka mvula inayandikira.
Khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Makumi awiri.
Tsiku limene timizere tinakwana makumi awiri ndi titatu
anavala malaya oyera, anatigwira chanza tonse,
nati zatha.
Koma kunatsala mbali ya kudambo,
ndipo Malis sadziwa kuwerenga.
Anafukulanso.
Mkuja anafukulanso kawiri.

Tinamaliza pa makumi atatu ndi limodzi.
Enawo anakwirira ena,
ana a thumba lina, usiku wina,
mwina amene ankathawa iye, mwina amene ankamusaka.
Nkhalamba inayang'ana ndodo yake nthawi yaitali.
"Ndiye kuti la Sreymom lija," inatero,
osamaliza.
Sindikudziwa ngati katundu wake anapepuka
kapena anangosintha phewa.

Tsiku lopereka munda, mwambo wathu ndi woti tiyambe ndife kupondamo.
Tinadutsa, Vuthy patsogolo, nsapato zathu zolemera.
Ta Houn anavula patapata zake,
naziika bwinobwino pamene panali chikhomo chofiira.
Phazi lamanzere linalowa.
Lamanja linakana kaye.

Malis sanaone zonsezi.
Anali m'galimoto, mumphika wake wadothi,
atadzipinda, mchira pamphuno,
kachidutswa ka nthochi kakadali m'tsaya.
Lolemba tili ndi munda wina, kuseri kwa sukulu.